Mmene Ndinakanira Kunenepetsa Ba Daka

Zaka za kufakitale

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha. Amayi anu anakuuzani kale zonse, ndipo amazifotokoza bwino kuposa ine ngakhale kuti panthawiyo anali asanandidziwe. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba. Atate, amene anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, anandipezera malo ku fakitale ya fetereza nditangomaliza sukulu. Anandiika ku sitolo ya zipangizo, kumene ndinkapereka majombo, magolovesi ndi zipewa zolimba kwa anthu amene ankanditukwana chifukwa chowapatsa saizi yolakwika. Tsiku loyamba lomwelo kunabwera bambo wina wamtali, wamimba, ovolosi yake yosatsekeka pamchombo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi nati, “Iwe ndiwe mwana wa ndani? Wayonda monga waya. Ku nyumba kwanu sibadya?” Amenewo anali Ba Esaya Daka a ku Petauke, kapitawo wa okonza makina. Kuyambira tsiku limenelo ankandigawira chakudya chawo chamasana, ati kuopa kuti mphepo ya m'nyengo yozizira ingandiulutsire kumtsinje.

Ba Daka ankanyadira thupi lawo, ndipo mimba yawoyo ankaitcha katundu wa kampani. Ndi iwo amene anandinenera kwa mabwana kuti ndiziyendetsa makina oonetsera kanema ku holo ya antchito, kumene ankationetsa mafilimu a mmene tingapewere ngozi, pambuyo pake n'kuikako ya nkhonya kuti anthu asathawe. Anawauza kuti mnyamatayu saopa mawaya. Kunena zoona mawaya ndinkawaopa, koma Ba Daka ndinkawaopa kwambiri. Ndiwonso anali ankhoswe anga pokwatira amayi anu, ndipo iwe Dalitso, tsiku limene unabadwa anayamba kukunyamula ndi iwo, ine ndikadali pakhonde la chipatala. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti munthu amene ndikumukamba m'mutu uno sanali kasitomala wamba.

Chaka chimene anatichotsa ntchito

Boma litasintha, malonda anatsegulidwa, katundu wakunja anayamba kulowa mosaletseka, ndipo mafakitale athu anayamba kuchepetsa anthu. Ine ndi Ba Daka tinatuluka pachipata tsiku limodzi. Kafue inazizira. Amuna amene dzulo lake ankayendetsa makina aakulu anayamba kugulitsa tomato ndi salaula, zovala zovalidwa kale zija, m'mbali mwa msewu, atavalabe majombo amene ine ndinawapatsa. Ba Daka anagula njinga n'kuyamba kukatenga nsomba kwa asodzi a ku Chanyanya kudzagulitsa ku Estates, dera la nyumba za antchito a m'mafakitale. Ankati njingayo inalira tsiku loyamba lokha, kenaka inawazolowera.

Ine ndinagwa m'manja mwa Ba Chanda, Mbemba wina amene kale ankagwira mu ofesi ya fakitale ya nsalu. Iwo anagula kamera ya vidiyo, ija yaikulu ya paphewa, n'kutsegula kasitudiyo kuseri kwa shopu ya wometa tsitsi. Kamerayo iwo sankadziwa kuigwira, ine ndinalibe choigulira, basi tinagwirizana. Popeza Abemba ndi ife a kum'mawa tili pachimbuya, chibale chija chonyozana popanda wokwiya, tinkatukwanana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo ntchito inkayenda bwino. Tinajambula maukwati, makicheni pate, maliro a anthu olemera ndi misonkhano ya matchalitchi atsopano aja amene achinyamata ankatsegula m'makalasi a sukulu Lamlungu lililonse. Matepi anali osowa. Ba Chanda ankagula akale ku Lusaka n'kumajambulapo kachiwiri, mpaka tsiku lina banja lina likuonera ukwati wa mwana wawo, mkwatibwi atangodula keke, panatulukira anthu achilendo atanyamula bokosi la maliro. Ba Chanda anawauza osaphethira n'komwe kuti TV yawo ndiyo inagwira siteshoni ina. Bwana wanga anali wotero. Sankasowa chonena, ndipo lamulo lake linali limodzi lokha, lakuti kasitomala azituluka akumwetulira.

Chaka cha kompyuta

Kompyuta inabwera ndevu zanga zitayamba kale imvi. Inali yakale, yogula kwa munthu wina wa ku Lusaka amene anakhala nafe masana amodzi kutionetsa mmene imagwirira, n'kukwera basi osabweranso. Ba Chanda atamva kuti kachida kogwira kumanja kaja azungu anakatcha mbewa, anaseka mpaka misozi. “Mbuya,” anandiuza, “iyi si ndiwo. Nikaipeza pa moto, nchito yasila.” Iwo eni sanakagwire n'komwe. Anandisiyira ine ndi kompyutayo, ndipo tinazunzana milungu ingapo tisanayambe kumvana.

Ntchito yake inali yotere. Zonse zimene tajambula ndinkazilowetsa mu kompyuta, n'kuzidula tizidutswa, n'kutiyala motsatana pamzere. Pamwamba pa mzerewo panali kabokosi koonetsa zimene zidzatuluke pa TV, kamene tinkakatcha fulemu, ndipo chithunzi chilichonse chinayenera kukwana m'menemo. M'makona ndi m'mbali mwa chithunzi munali timadontho. Ukagwira ka pakona n'kukoka, chithunzi chinkakula mbali zonse mofanana, ndipo chimene chatulukira kunja kwa fulemu chinkadulidwa. Ukagwira ka m'mbali, chinkatambasuka cham'mbali mokha, msinkhu n'kukhala womwewo.

Vuto linabwera ndi ma TV atsopano aja opyapyala, otambalala ngati thireyi ya tiyi, amene anthu a ku Estates anayamba kugula. Kamera yathu inali yakale, inkajambula chithunzi cha ma TV akale amimba kumbuyo, ndiye pa TV yotambalala sichinkadzaza. Poyamba ndinachisiya mmene chinalili, pakati pa fulemu, mbali zonse ziwiri kuli zipupa zakuda. Mawa lake mayi wina anabwera ndi disiki m'manja, mpweya uli m'mwamba. “Ba Sakala, ine ninagula TV yonse, manje imwe mwanipasa hafu. Uku mdima, uku mdima. Pa ukwati wa mwana wanga malaiti yanayenda?” Ndinayesa njira yachiwiri, kukoka pakona kuti chithunzi chikule n'kudzaza fulemu yonse. Mdima unathadi, koma pamwamba ndi pansi panadulidwa. Abusa ena aatali analalikira ulaliki wonse alibe mutu, nsapato za mkwatibwi zogula ku Lusaka sizinaoneke, ndipo amake mkwati amene anagubuduka pansi ndi chimwemwe ankangomveka nthungululu zokha. Abusawo anabwera okha kudzandifunsa mwaulemu ngati ndinali ndi mlandu ndi nkhope yawo.

Tsiku lina nditatopa ndinagwira kadontho ka m'mbali n'kukoka. Chithunzi chinadzaza fulemu, palibe mutu wodulidwa, palibe mdima. Koma aliyense ananenepa. Keke yozungulira inakhala ngati dzira, matayala a galimoto ya akwati nawonso chimodzimodzi, ndipo mkwati amene ndinkamudziwa kuti ndi wowonda anatuluka ndi masaya. Ndinachita manyazi ndipo ndinafuna kuyambiranso, koma Ba Chanda anati nthawi yatha, eni ake ali pakhomo. Ndinakhala ndikudikira chitukwano. Patapita masiku awiri anabweradi, banja lonse ndi azakhali omwe, kudzapempha madisiki ena oti atumize kumudzi.

Muyenera kumvetsa nthawi imene tinkakhalamo. Zaka zimenezo tinaika anthu ambiri m'manda. Munthu akangoyonda, anzake ankasiya kumuyang'ana kumaso n'kumayang'ana kolala ya shati lake, ndipo akadutsa ankanong'onezana. Kunenepa kunali umboni wakuti uli bwino, ukudya, ndipo supita kulikonse. Choncho mbiri inawanda mpaka ku Chanyanya yakuti kwa Ba Chanda amanenepetsa. Makasitomala ankaima kumbuyo kwanga n'kumalamula okha. “Wonjezaniko pang'ono ba Sakala, apo chabe, mahipu yaoneke.” Ba Chanda ankangoyendayenda manja ali m'thumba ngati ndi iwo anatulukira nzeruyo. Ine ndinkasangalala nayo ntchitoyo, ndipo mpaka lero sindiona cholakwa pa zimenezo. Amayi anu omwe ndinawanenepetsa pa vidiyo ya kwaya, ndipo anati aka kanali koyamba kuti ndiwadyetse bwino chikwatirirane.

Chaka cha ukwati wa Esinati

Ba Daka anayamba kuyonda chaka chimenecho chisanafike. Poyamba tinkati ndi njinga, pakuti msewu wa ku Chanyanya si wamasewera. Kenaka tinasiya kunena chilichonse. Akazi awo anali atamwalira kale, n'kuwasiyira ana aakazi awiri. Wamkulu, Tikambenji, amene tinkangomutcha Tika, anali nesi ku Botswana. Wamng'ono, Esinati, ndiye ankakhala nawo, ndipo ndiye ankakwatiwa. Tika anali atangobereka kumene, sakanatha kuyenda ulendo wautali wa basi, ndiye anapempha kuti timutumizire disiki kudzera mwa Amake Bupe, mayi wamalonda amene ankapita kumeneko kukatenga mabulangete. Esinati ankawaopa atate ake, ndipo iwo anamuletsa kunena chilichonse pafoni. Iwo eni akamalankhula ndi Tika ankakweza mawu ngati akuitana anthu kutsidya la mtsinje, foni ikadulidwa n'kukhala pansi kupuma.

Kamera ilibe ulemu umene maso a munthu ali nawo. Pa ukwatiwo tonse tinkawauza kuti atchena, koma ine amene diso langa linali pakamera ndinaona zonse. Suti yawo ya masiku a kampani inkalendewera m'mapewa, kolala inali yoti mungalowe dzanja, buluku analimanga ndi lamba wobooledwa mabowo atsopano. Anamuperekeza mwana wawo kuguwa bwinobwino, mutu uli m'mwamba. Kuholo, nyimbo ya makolo itayamba, ananyamuka navina pang'ono anthu n'kuwaombera m'manja. Kenaka anazemba. Ine ndinkajambula akwati pakati, koma kumapeto kwa chithunzi changa, kudzanja lamanzere, Ba Daka anakhala pa kireti ya zakumwa, dzanja limodzi pachifuwa, akutsokomolera mu hanki, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wawaona.

Anabwera kusitudiyo m'mawa wina ndili mkati mokonza. Anakoka mpando nakhala pafupi nane. “Sakala, nionese,” anatero. Ndinawaonetsa mmene zinalili, zosakoka. Ataonera analoza pagalasi nati, “Uyo mudala ni ndani? Anaitanidwa na ndani?” Ndinayesa kuseka koma sizinatheke. “Koka,” anatero. Ndinagwira kadontho ndi kukoka mpaka chithunzi chinadzaza fulemu. “Wonjeza.” Ndinaonjeza, chithunzi n'kutulukira kunja kwa fulemu, anthu a m'mbali n'kuyamba kusowa. “Wonjeza futi.” Pamene Ba Daka anayamba kufanana ndi Ba Daka amene ndinkawadziwa kufakitale, mkamwini wawo amene anaima pambali pawo anali atasanduka mgolo wa madzi. Tinaseka tonse awiri, kuseka kwenikweni, mpaka chifuwa chinawagwira ndipo ndinathamanga kukawatungira madzi kwa wometa tsitsi.

Titafika pa kachidutswa ka kireti kaja anasiya kuseka. “Apo dula,” anatero. Ndinakulitsa chithunzi n'kuchikankhira kumanzere mpaka iwo ndi kireti yawo anagwera kunja kwa fulemu, n'kutsala akwati okha akuvina. Anagwedeza mutu nati, “Ya Tika inkale so.”

“Ba Daka,” ndinatero, “tiyeni ku chipatala. Nizakupelekezani ine.”

“Nikayenda kuja bazaniuza zina ya matenda. Nikamvela zina, nafa pamene apo. Leka nife osaziba.”

“Nanga Tika? Ni nesi. Ni mwana wanu.”

“Ndiye chifukwa chake. Uja akaona khosi iyi, mailo ali pano. Ali na mwana mung'ono, ali na nchito yabwino ku dziko ya bene. Ufuna asiye vonse abwele kuzasunga mudala wogulisa nsomba? Ninamupunzisa kuti achoke muno, osati abwelele.”

Apo Ba Chanda, amene ankamvetsera ali pakhomo, analowa ndi kumwetulira kwawo kuja. “Ba Daka, musade nkhawa. Mu disiki muzachoka monga minisita. Uyu mbuya wanga azachita vamene mwakamba.” Ba Daka ananyamuka pang'onopang'ono atagwira tebulo, natuluka.

Disiki ya m'nyumba mwawo ndinaikonza tsiku lomwelo monga anafunira, yonenepa, yopanda kireti. Ya Tika ndiyo inandikanika. Ndinakhala pampando mbewa ili m'manja, osakoka, osasiya. Anthu onse amene ndinawanenepetsa m'mbuyomo sindinanamize nawo munthu, chifukwa oonera ankawadziwa ndipo ankakumana nawo kumsika tsiku ndi tsiku. Anali masewera amene tonse tinkadziwa kuti ndi masewera. Koma iyi inkapita kwa munthu amene analibe maso ena oonera atate ake koma disikiyo. Komanso amene anandipempha anali munthu amene sanandipemphepo kanthu chiyambire, ndipo ndinali nditaona mmene ankabisira hanki ija. Ndinkawamvera chisoni, ndiponso ndinkawaopa monga kale. Masana ndinapita kunyumba osamva njala, ndipo amayi anu anaona kuti ndikungosewera ndi chakudya. Nditawafotokozera sanachedwe. “Atate ake Dalitso,” anatero, “nanga bakafa, Tika abwele ku malilo na disiki yanu mu chola, muzamuuza chani?”

Ndinabwerera kusitudiyo n'kubweza chithunzi chilichonse pa msinkhu wake weniweni, kachidutswa ndi kachidutswa. Ba Daka anayondanso pamaso panga. Kireti inabwerera kumanzere kwake. Ndinkadziwa kuti ma TV ena otambalala amakoka okha chithunzi akachipeza chochepa, ndiye zipupa zakuda zija ndinazimangira m'kati mwa fulemu momwemo, kuti TV ya Tika isapeze poti ikoke. Sindinaonjezepo mawu kapena chizindikiro. M'mawa wa tsiku limene Amake Bupe ankanyamuka ndinakawapatsa disikiyo pa siteshoni ya basi ndi dzanja langa, ndipo ndinaima pomwepo mpaka basi inapita.

Kuchoka apo ndinalunjika kwa Ba Daka. Sindinafune kuti adzamve kwa wina. Ndinawapeza pakhonde akumanga dengu panjinga, ndipo ndinanena ndili chiimire. “Ba Daka, ya Tika yayenda. Sininakoke. Na kireti ilimo.” Anasiya chingwe. Chimene chinandipweteka n'chakuti sanakalipe. Ananena motsitsa mawu. “Ninakudyesa uli waya. Ninakukwatilisa. Nakupempa kantu kamozi chabe. Choka pa nyumba panga, Sakala.” Ndinachoka, ndipo panjira ndinalira, bambo wa ndevu zaimvi, ana asukulu akundiyang'ana.

Ba Chanda atamva anadumpha. “Iwe mbuya, wanipaila bizinesi! Bantu bakamvela kuti kuno tiyondesa, ndani azabwela?” Anandichotsa pakompyuta n'kundibwezera ku kamera ya paphewa, maliro okhaokha, ati iwo azikonza okha mavidiyo. Anayesadi. Ukwati woyamba umene anakonza, akwati anatuluka chagada ngati agona, ndipo sabata isanathe anandiitana n'kundiuza kuti andikhululukira chifukwa Abemba ndi anthu achifundo.

Masiku anapita kuli zii. Ndinayamba kuganiza kuti mwina disiki inasweka m'mabulangete, kapena Tika anaiika pashelefu kudikira nthawi, ndiye kuti ndataya mnzanga popanda phindu. Ba Daka anasiya kupita ku Chanyanya, njinga inangotsamira khoma. Kenaka tsiku lina masana chitseko cha situdiyo chinatseguka, ndipo panaima mayi ali ndi khanda kumsana, chikwama m'manja, fumbi la ulendo lili m'tsitsi. Anali asanafike n'kunyumba komwe. Sanandipatse moni. “Ba ankolo,” anatero, “ija vidiyo, ndiye mwamene balili batate?” Ndinati ndi mmene alili. Anati anaonera ndi anzake a kuchipatala akudya ndi kuseka, mpaka pamene anaona munthu atakhala pa kireti kumapeto kwa chithunzi. Anaimitsa pomwepo, nayang'anitsitsa, nauza anzakewo kuti azipita. Atanena zimenezo anasandutsa nkhope ya unesi, n'kundituma kukaitana takisi.

Ine sindinalowe m'nyumbamo, ndinaima kumsewu. Ndinamva mawu a Ba Daka akukwera, kenaka a Tika akukwera kuposa awo, kenaka a khanda kuposa onse awiri. Anatuluka atagwiridwa mkono ndi ana awo, mmodzi uku mmodzi uku, akunenabe kuti iwo sadwala, ndi chimfine chabe. Takisi ikudutsa pamene ndinaima anatembenuzira nkhope kwina. Dzina la matenda amene anawapeza nawo ku Lusaka sindilemba muno, pakuti ndi nkhani yawo ndi ana awo. Chimene ndinganene n'chakuti mankhwala ake analipo, ndipo madokotala anauza Tika kuti akanachedwa pang'ono akanabwerera maliro. Tika anakhala miyezi ingapo akuwasamala, ndipo ntchito yake ku Botswana anaipeza ikumudikira.

Zaka zingapo pambuyo pake

Ba Daka anachira, koma ine sanandikhululukire msanga. Tikakumana pamsewu ankawoloka. Kumaliro ankakhala mbali ina ya tenti. Atayambiranso malonda ankawagulitsa amayi anu nsomba, koma ankawasankhira zing'onozing'ono n'kunena kuti zazikulu si za anthu ena ake. Amayi anu ankabwera akuseka, ine n'kumasekanso nawo, koma mumtima zinkandiwawa. Ndinkawaonera patali akubwerera m'thupi, kolala ikudzaza, njinga ikuyambanso kudandaula, ndipo ndinkadziuza kuti bola azindida ali moyo.

Kenaka tinamva kuti akukwatira. Anapeza mayi wina wamasiye wa ku Chanyanya amene ankawasungira nsomba zabwino, mpaka anaganiza zosunga ndi mwini dengu yemwe. Vidiyo anapatsa situdiyo yathu, pakuti mu Kafue munalibe ina yodziwa ntchito, koma anauza Ba Chanda kuti Sakala asaponde paukwatipo. Anakajambula ndi Ba Chanda eni, ndi kamera yatsopano imene inkadzaza fulemu yokha popanda kukoka. Kukonza kokha ndiko kunagwera ine, chifukwa panalibe wina. Ndinauonera ukwati wa mnzanga pagalasi la kompyuta ndili ndekha. Tika sanathe kubwera, anali pa maphunziro, ndipo anapemphanso disiki.

M'mawa wina ndili mkati mwa ntchitoyo kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Nditatembenuka ndinaona Ba Daka atadzaza chitseko chonse. Anakoka mpando womwe unali pafupi, mpandowo n'kulira, nakhala pambali panga ngati tinasiyana dzulo. “Sakala, nionese,” anatero. Chifukwa cha phuma ndinatsegula ukwati wa anthu ena. Nditapeza wawo, anadzionera akuvina ndi mkazi wawo watsopano, jekete likukana kutsekeka, thukuta lili chuchuchu, nyimbo yonse osakhala pansi.

“Mm-mm,” anatero. “Iyi mimba yachilamo. Tika akaona so azaniletsa nyama, azaniletsa shuga, azayamba kutuma mafoni kuli amai aba kuti banipase masamba yeka-yeka. Ako kadontho kako sikabwelela kumbuyo? Niyondeseko pang'ono.”

“Kabwelela, ba Daka,” ndinatero. “Koma ine sinizachita.”

“Pang'ono chabe, iwe.”

“Olo pang'ono.”

Anayang'ananso pagalasi, ine ndikuopa kuti ndawatayanso. Ba Chanda anali pakhomo akundikodola ndi maso kuti ndivomere. Kenaka Ba Daka anapumira m'mwamba nati, “Mutu wako ukali wouma monga kudala. Tumiza mwamene nilili, aone vamene anachita.” Ponyamuka anatsamira paphewa langa ndi dzanja limodzi, ndipo sanalichotse msanga. Linali lolemera, ana anga, lolemera ndithu.